Mgaiwa Uyambire pa Tebulo la Akuluakulu

Olemekezeka mafumu athu ndi nduna zanu, Bambo Mfumu a parishi yathu, a Shehe, Mayi Magalita Miti, wapampando wa gulu la amayi la Tiyesenawo, eni ake a chigayo cha mgaiwa chimene tikutsegula lero, a Haidar, amene munatithandiza ndi malata, aphunzitsi ndi ana asukulu, amayi ndi abambo nonse a kuno ku Madzimoyo, osaiwala kalipentala amene anakhoma mpando womwe ndakhalirawu, pakuti wapirira kwambiri. Landirani moni wanga.

Ndikuthokoza pondiitana, ngakhale ndikukayikira kuti komiti sinafune mlendo wolemekezeka, koma chitsanzo choti ana aone. Sekani ndithu, ndakulolani.

Achikulire akundidziwa. Ndinabadwira tsidya la dambo ili, ndinakulira mgaiwa, ndipo ndinali woonda ngati phesi. Nditapita ku Chiparamba kukafunsira Amake Takondwa, awo akudziphimba kumasowo, azakhali awo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Uyu mphepo ya mu Ogasiti idzatilanda mkamwini."

Mawu amenewo anandipweteka, ndipo nditapeza ntchito m'tauni ya Chipata ndinatsimikiza kuwayankha. M'mawa chimanga chophwatalala cha m'katoni, chothira mkaka ndi shuga. Masana ufa woyera mbee wa m'sitolo. Pa desiki timapaketi ta zofufuma tija timasiya zala zofiira, n'kutsitsira maheu a m'botolo otsekemera ngati uchi. Zonsezo ndi chimanga chomwechi, abale anga, chimanga chathu chomwe timachipalira tokha, koma chapita ku fakitale, chavulidwa, chadzozedwa mafuta ndi mchere, chabwerako sichikutidziwanso. Ine uku ndakhala pa mpando tsiku lonse, khasu ndinatsanzikana nalo kalekale.

Ndikabwera kumudzi pa Khirisimasi, inu nomwe mumandichingamira ndi nthungululu: "Mwanenepa! Zikukuyenderani!" Ndinkamva kukoma, n'kubwerera kukawonjezera.

Oyamba kundiuza zoona anali anyamata onyamula anthu pa njinga. Ndikatulukira pa msika, onse ankayamba kufufuza kanthu m'matayala. Mmodzi, dzina lake Whiteson, ndamuona ali kumbuyo uko, anavula chipewa mwaulemu n'kunena kuti, "Abwana, musandimve molakwa, njingayi ndi yobwereka."

Wachiwiri anali dokotala. Iye sanavule chipewa. Anati shuga wakwera, magazi akuthamanga, ndipo ndikapitiriza chonchi, pa ukwati wa Takondwa adzandiyimira ndi amalume ake. Tikutuluka, mkazi wanga anati, "Inetu nsalu yakuda ndilibe, ndipo sindikufuna kuigula." Pamenepo sindinaseke. Ndinachita mantha, ndipo mpaka lero mantha amenewo ndikadali nawo.

Taganizani nzeru zathu. Timakonola chimanga, gaga amene ali ndi zonse zomanga thupi timapatsa nkhuku, ife n'kudya chotsalacho. N'chifukwa chake nkhuku ya kwathu imathamanga, ndipo mwini wake akafuna kuigwira amaitana ana a anthu ena.

Amayi awa aona zimenezi, asonkha mtedza ndi thonje lawo, amanga chigayo chogaya chimanga chathunthu, osachivula. Ndimawanyadira kwambiri. Koma ndili ndi nkhani, ndipo paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Pamene kwaya inali kuimba, ndinazembera kuseri kwa tenti kukamasula lamba. Kumeneko, kukhitchini ya mwambo wotsegulira chigayo cha mgaiwa, ndapeza thumba la ufa woyera wochokera m'tauni, pambali pake timapaketi tija ndi kireti ya zakumwa zotsekemera. Ndafunsa mayi wophika kuti izi n'za yani. Wagwada pansi, waomba m'manja, n'kuti, "N'za ku tebulo la akuluakulu. Mlendo wolemekezeka angadye mgaiwa ngati wandende?"

Mayi Miti, musayang'ane pansi, ndikudziwa kuti mwachita mwaulemu. Koma ulemu umenewu ndi womwe wandifikitsa pamene ndilipa. Anthu onsewa akaona kuti eni chigayo akubisa ufa wawo kukabwera alendo, mawa ndani adzasenza dengu lake kubwera kuno? Adzati mgaiwa ndi wa chaka cha njala, wodyera m'nyumba chitseko chili chotseka, ndipo pofika dzinja chigayo chanu chidzakhala chogona mbuzi.

Choncho ndalamula, poti lero lokha ndili ndi mphamvu zolamula. Thumba la m'taunilo libwerere kumene linachokera. Whiteson, limeneli njinga yako ingalole. Amake Takondwa abweretsa chimanga cha m'munda mwathu, chikhale choyamba kulowa m'chigayo. Ndipo tebulo la akuluakulu, kuyambira mafumu mpaka Bambo Mfumu, amene ndikuona akuyang'ana wotchi, silidya kanthu kufikira ufa umenewo utaphikidwa, n'kudyedwa pano poyera, aliyense akuona.

Chaka chamawa ndikadzabwera, wondikonda adzandilonjere kuti, "Mwaonda, zikukuyenderani."

Ndi mawu amenewa, ndi ulemu wonse, ndikulengeza kuti chigayo cha Tiyesenawo chatsegulidwa. Mayi Miti, chilizeni msanga, mlendo wanu ali ndi njala, ndipo ali ndi ukwati woti akavine.

Zikomo kwambiri.