Chaka Chimene Lilime Langa Linafa

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ine ndine Esinala wa konkuno ku Phalula. Ena mukundidziwa. Ena munkandilambalala panjira, koma sindinabwere ndi mlandu, iyayi.

Kwathu ndi kunyanja ya Chiuta, kumene mwana amatafuna matemba asanayambe kuyenda. Kuno ndinabwera chitengwa. Amuna anga atamwalira ndinatsala ndi mwana mmodzi, Tadala. Mutu unkandiwawa, ndiye ndinapita kwa sing'anga. Anandipatsa mizu n'kundiletsa zakudya. Nsomba iyayi, nyama iyayi, mazira, nyemba, mtedza, zonse iyayi. Ndinamvera. Ndiwo zanga zinali masamba owiritsa basi.

Abale anga, chakudya chinasiya kukoma. Lilime linafa! Tsitsi linkatsalira m'chipeso. Bala la khasu pamwendo silinkapola. Kenako mtima nawo unazima. Ndinkangokhala pakhonde kuyang'ana magalimoto pamsewu, osalira, osaseka.

Pamaliro ena anandipatsa mphika wa ndiwo. Ndinathira mchere, kulawa, osamveka. Kuthiranso, osamveka. Anthu analavula. Mayi wina anati, "Achotseni pamoto awa, mutu suli bwino." Kuyambira pamenepo palibe anadzaodira pakhomo panga.

Achemwali anga anabwera kuchokera ku Nselema. Anapeza Tadala asanadye, ine ndili gone dzuwa lili pamutu. Anati, "Mwanayu ndikumutenga. Ukachira udzamupeza." Ndinamumva Tadala akulira mpaka kumsewu, koma sindinadzuke. Nyumba inakula, abale. Inakula! Ndinkayankhula ndi nkhuku. Ndinali ndekha, ndekhandekha.

Mulungu satuma amene ukumuyembekeza. Anatuma Abiti Saidi, mayi wachisilamu amene amayenda m'makomo ndi dengu la nsomba zouma. Ataona mwendo wanga anati, "Amwali, bala ili si lochizira kunyumba. Valani, ndikuperekezeni."

Kuchipatala ananditenga magazi n'kuwatumiza kutauni. Zotsatira zitabwera adokotala anati, "Mayi, m'magazi mwanu mwachepa zinki, imodzi mwa michere yofunika m'thupi. Thupi limaipeza m'zakudya zomwe munaletsedwazo. Ikachepa lilime limafa, mabala amachedwa kupola, ndipo ambiri ovutika maganizo amapezeka ali nayo yochepa. Koma chisoni chanucho nachonso ndi matenda. Tithandiza zonse ziwiri."

Anandipatsa mapilitsi, ndiponso mlangizi woti ndizikamuuza zakukhosi. Sizinathe tsiku limodzi, ndisakunamizeni. Mpaka lero pali masiku olemera. Koma ndikudya, ndikulima, bala linapola. Alemekezeke Yehova!

Nditakolola ndinakwera minibasi kupita ku Nselema. Tadala atandiona anabisala kumbuyo kwa achemwali. Zinandilasa mumtima. Komabe tinabwerera limodzi, njira yonse osandiyang'ana.

Panopa ali kunyumba kwanga. Amagona kumapeto kwa mphasa, sanandizolowere. Sindimukakamiza. Koma lero m'mawa, ndikumanga duku kuti ndibwere kuno, waima pakhomo n'kunena kuti, "Amayi, mundidikire."

Ndamudikira, abale. Ndi uyo wandinyamulira Baibulo. Zikomo Ambuye.