Voti Imodzi Ija Sinali ya Atelala

Abale ndi alongo, amene agona apawa ndi ang'ono anga, obadwa bere limodzi ndi ine. Ambiri mumawadziwa kuti Atelala. Ena munkawatchula dzina lina lija, lakuti a M'modziyekha. Ndifikako. Anabadwa chaka cha 1956, m'nyumba ya kuseri kwa chigayo chakale. Mundikhululukire, ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, ndalemba mmene ndikukumbukira.

Iwo sukulu anafika nayo Sitandade 8. Mutu unalipo, koma bambo athu atamwalira anakaphunzira kusoka pakhonde la sitolo. Anayamba ndi zigamba ndi mabatani, kenako masuti. Mu 1980 anakwatira alamu angawa. Kutchalitchi ankaimba besi m'kwaya, ndipo makatani a kuguwa aja anasoka ndi iwo. Shopu yawo mukuikumbukira: makina opalasa ndi mwendo, tepi m'khosi, choko pakhutu, mapini pakamwa. Yunifolomu ya sukulu yonse inkatuluka mmenemo.

Tsono mukudziwa mmene timavotera kuno. Chipani chathu n'chimodzi, sitisintha. Timaseka tokha kuti ngakhale chitsa mutachiveka nsalu ya chipani, chiwina. Chaka chija kunaima amayi ena a chipani chinacho, anamwino opuma pantchito. Anabwera kwa Atelala kudzasoketsa jekete ya kampeni. Anthu atadandaula, iwo anangoti, "Makinawa alibe chipani, amangodziwa muyezo."

Nthawi imeneyo maso anga anali ndi ng'ala, asanandichite opaleshoni. Pepala ndinkangoliona ngati utsi. Anatiuza kuti wosaona atha kulowa ndi womuthandiza, ndiye ine ndinalowa ndi ang'ono angawa. M'kachipinda ka katoni muja ndinawanong'oneza kuti achonge pa anamwino aja. Anandifunsa, "Achimwene, mwatsimikiza?" Ndinati chongani. Amayi amenewo ndi amene ananyamula malemu akazi anga pagalimoto yawo kupita nawo kuchipatala, mvula ikugwa, ena onse atakana kuopa matope. Anachonga, kupinda pepala, kundigwira dzanja mpaka pabokosi. Iwo eniake voti yawo anaponya komwe tinazolowera konkuja, ngati inu nonse.

M'mawa mwake zotsatira anazimata pachitseko cha kalasi. Kwathuku 611, kwinako 1. Palibe anavutika n'kufufuza. Jekete ija inawapachika Atelala, onse anati voti imodziyo ndi yawo.

Zotsatira zake ambiri munaziona, ena munazichita. Sindikuloza munthu chala. Komiti ya sukulu inachotsa yunifolomu n'kupereka kwa telala wina. Mlatho utachedwa kumangidwa, akuti aphungu akwiya chifukwa cha M'modziyekha. Kukwaya anzawo ankasiya mpata pabenchi, mpaka iwo analeka kupita. Mwana wawo woyamba, uyu wagwira mayi akeyu, ankabwera kuchokera kusukulu akulira, buku litalembedwa 1 wamkulu pachikuto. Shopu anatseka patapita chaka. Anayamba kumangirira makina panjinga, kukasoka zigamba m'misika yakutali kumene sankawadziwa.

Nanga ine ndinali kuti? Ndinali pabenchi ya pagolosale. Anthu akaseka, inenso ndinkaseka. Tsiku lina wometa tsitsi wa pafupi ndi golosaleyo anandifunsa, "Madala, mng'ono wanu uja anadya chiyani?" Ine ndinayankha kuti, "M'banja simulephera wopenga." Ndi pakamwa pangapa. Onse anagwa nazo n'kuseka, wina mpaka kundigulira tiyi.

Kamodzi kokha ndinapita kwawo kukawauza kuti ndikufuna kuulula pamaso pa anthu. Ndinawapeza akusoka pakhonde. Analavulira mapini m'dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, muja ndinalowa ngati maso anu. Maso salankhula. Inu ndinu wamasiye, akakuthawani anthu akuphikirani ndani? Bweretsani buluku lang'ambikalo ndisoke." Ndinavula, anasoka, ndinavala. Ndipo ndisakubisireni, pobwerera mtima wanga unapepuka. Ndinakondwa kuti andiletsa. Manyazi anga aakulu ndi amenewo. Maso anachira, ndinayamba kuona bwinobwino, koma pakamwa panakhalabe potseka zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Matenda a shuga anawayamba zaka zinayi zapitazo. Mwendo wopalasira makina womwe uja ndi umene unayamba kutupa. Kuchipatala anagonako milungu itatu. Ndinkapita kukawameta ndevu, tikucheza za ubwana, za njinga ya bambo imene tinaithyola tonse koma kukwapulidwa iwo okha. Za voti sanatchule. Anatisiya Lachiwiri m'mawa, dzuwa litangotuluka.

Alamu, mwandipatsa chakudya zaka zonsezi osadziwa kuti mukudyetsa ndani. Ana inu, bambo anu sanapandukire munthu. Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Ndipo voti ija sindichita nayo manyazi, amayi aja anali munthu. Manyazi anga ndi akuti ndinaisenzetsa mwana wa mayi anga. Dzina lija, amene mukufunabe kulitchula, muziitana ine, ndiyankha.

Asiya akazi awo, ana asanu, amuna awiri ndi aakazi atatu, zidzukulu khumi ndi chimodzi, mlongo wawo mmodzi, ndi mkulu wawo mmodzi, ine, mwini wake wa voti ija.

Atelala, katundu wanga ndatenga, musalowe naye m'manda. Apumule mu mtendere.