Buluku la Apongozi ndi Bilu ya Foni

Mwana wa mlongo wanga, telala uja wokonda zachilendo, amalipira kampani ina ya pa intaneti kuti izimusungira mayina a makasitomala. Chovala chikasokedwa, mawu a mayi ojambulidwa kale amaimbira mwini wake tsiku lililonse mpaka adzatenge. Bilu itabwera yonenepa ngati nkhumba ya m'khola, anapeza kuti mphindi zonse zathera pa nambala imodzi, ya apongozi ake aamuna. Anawaitana kushopu, ine ndili pabenchi, khutu lili tcheru.

"Bambo, foni ija ikalira mumatani?" anafunsa telala, tepi ili m'khosi.

"Ndimayankha."

"Kenako?"

"Timalonjerana. Mayi aja ndi aulemu. Amati, 'Moni, chovala chanu chasokedwa.' Ine ndimati zikomo, nanga kunyumba kuli bwanji."

"Amayankha?"

"Amati chovala changa chasokedwa. Si anthu olongolola."

"Paja amanena kuti mukamva mudine nambala wani. Mumadina?"

"Ndimawauza pakamwa kuti ndamva. Munthu akulankhula nawe bwinobwino, iwe n'kumamudina?"

Apongozi sakalipiridwa, ndiye telala anakalipira sizasi, n'kuiponya patebulo.

"Bambo, ameneyo si munthu. Ndi makina. Mukapanda kudina amangobwereza, ndipo mphindi iliyonse kampani imandilipiritsa ineyo."

"Ndiye kuti ali pantchito."

"Si munthu, ndikutero."

"Amalandira zingati?"

"Salandira."

Mkulu uja anagwira chibwano. "Inu mukulipira, iwo salandira. Akamwini, pamenepo pali mlandu."

"Mlandu ndi woti simudula foni."

"Ndidule ine? Amene waimba ndiye amatsanzika. Mlendo sapitikitsidwa."

"Dzana munakhala naye mlendo wanuyo kuyambira m'mawa mpaka batire kutha."

"Ndinkawafotokozera za bondo langa. Chimwalirire apongozi anu aakazi, bondo limeneli lilibe womvera. Ana anga ndikangoliyamba amati netiweki yavuta. Mayi awa sanathawepo."

"Sakumva, bambo."

"Nanga ana anga amamva?"

Apa ine ndinatsokomola, kuti chiseko chipeze potulukira. Telala anandiyang'ana ndi diso loipa, n'kubwerera kwa apongozi.

"Chabwino. Nanga bwanji osangobwera kudzatenga bulukulo?"

"Sindinalifune msanga."

"Mwezi wathunthu?"

"Ndili nalo lina. Miyendo ndi yomweyi."

Telala anadzuka, anatsitsa buluku pa hang'ala, analipinda, analikulunga m'pepala n'kuliika pamiyendo pa mkulu uja ndi manja awiri. Kenako anapita pa kompyuta n'kudina kamodzi, mwamphamvu ngati akupha nsikidzi.

"Basi. Ndaiuza kampani kuti mwatenga."

"Zikomo. Mawa akaimba ndiwauza kuti ndalandira."

"Saimbanso."

"Mwawachotsa ntchito?"

"Ayi, bambo. Amaimbira okhawo amene chovala chawo chidakali muno."

"Okhawo?"

"Okhawo."

Mkulu uja anayang'ana kafoni kake m'dzanja. Kenako anaika buluku pambali, anavula jekete pang'onopang'ono, analowetsa chala m'thumba lake n'kukoka mpaka ulusi unalira. Anaiyala patebulo, n'kuisalaza bwinobwino.

"Thumba ili lang'ambika," anatero. "Likasokedwa musavutike kundiuza inu, akamwini. Alipo amene ntchito yawo ndi imeneyo."