Kachikwama Kamene Alamu Anasiya

— Halo? Achemwali?

— Ndikukumvani achimwene. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya inu ndi akunyumba?

— Tonse tili bwino. Ana mukumawaona?

— Mwa apo ndi apo, akadali kwa mayi awo. Kushopu kukuyenda?

— Pang'onopang'ono. Koma mawu anu afooka, mukudwala?

— Ayi, ndi netiweki. Ndimati ndifunse, poti inu mumagulitsa zikwama. Kachikwama kachikopa kaja kopanda lamba, kogwira m'manja, kakachita chuku mumatani?

— Mumapukuta modekha ndi kansalu kofewa, konyowa pang'ono chabe, kenako kaume kokha pamthunzi. Sopo ayi, dzuwa ayi. Mwamva?

— Ndamva. Nanga ngati munthu wachapa kale?

— Wachapa ndi chiyani?

— Sopo waufa ndi bulashi.

— Ambuye! Munthu wake ndani?

— Ndine.

— Inu, munthu wophunzira? Chikopa mwachiyesa jinzi? Kenako munatani?

— Ndinakayanika pamalata. Nditakatsitsa kanali gwa, ndiye ndinapaka polishi wa nsapato.

— Wamtundu wanji?

— Wakuda.

— Kachikwamako ndi kotani?

— Kanali kofiirira.

— Achimwene, mukanayamba mwaimba musanagwire bulashi! Khalidwe lanu ndi lomweli, kufunsa zinthu zitawonongeka. Tapindani pang'ono pachivindikiro. Mukuona chiyani?

— Timing'alu. Pena pakusupuka.

— Ndiye kapita. Mafuta a chikopa ndili nawo kushopu kuno, koma amafewetsa chabe, salumikiza ming'alu. Chukucho chinabwera bwanji?

— Ndinakamanga m'jumbo kuti kasalowe fumbi, n'kukaika pansi m'wadirobu, kukhoma kumene kumalowa chinyontho kuja.

— Chikopa chimafuna mpweya. Mumaika mapepala m'kati kuti kasaphwanyike, n'kukasunga m'thumba lansalu, n'kumakatulutsa nthawi ndi nthawi... Dikirani. M'wadirobu mwanu? Ndi kandani?

— Mayunitsi akutha, achemwali.

— Ndafunsa kuti ndi kandani.

— Ndi ka alamu anu. Kaja ndinawagulira kushopu kwanu tili pachibwenzi.

— Kaja ndinakusankhirani ndekha?

— Komweko. Anandiimbira dzulo, koyamba chichokere m'nyumba muno. Akuti mipando, firiji, makatani, zonse ndisunge. Akufuna kachikwamako basi, ndipo abwera okha kudzatenga.

— Liti?

— Lero lino. Ine ndinati, ngati pa zonse asankha chimene ndinawapatsa ine, ndiye kuti mumtima mwatsalako kanthu. Ndimafuna akapeze kakuwala, aone kuti ndimasamala. Mwina akanakhala pansi, n'kumwako tiyi, tilankhulane.

— Mayo ine.

— Mulibe kena kofanana nako? Ndithamange pompano.

— Mtundu uja anasiya kubweretsa. Ndipo ngakhale ndikanakhala nako, sindikanakupatsani. Mkazi amadziwa chikwama chake ndi fungo lomwe. Banja lanu linagwa ndi kubisa zinthu, musawonjezere bodza lina.

— Ndiye ndinene chiyani?

— Zimene mwandiuza inezi. Jumbo, sopo, malata, polishi, osadumpha.

— Adzati ndachita dala, pobwezera.

— Akhoza kutero.

— Simungawaimbire inu? Amakumverani.

— Ayi. Ndinakulankhulirani kokwanira, ndipo nthawi zonse ndimatsala wamanyazi ndine. Tengani kansalu kouma, muchotseko polishiyo asawadetse zovala. Zimene mungathe ndi zokhazo.

— Manja anga omwe ada bii, polishiyo sakuchoka... Achemwali, pageti paima galimoto.

— Ndi iwo?

— Ndi iwo. Atsika. Avala bwino, aima pakhomo la galimoto. Woyendetsa sanazimitse injini.

— Pitani nako, musawadikiritse.

— Sakulowa, achemwali. Akungondikodola ndi dzanja kuti ndibweretse.

— Pitani, achimwene. Mundiuze zikatha.

— Chabwino. Tsalani bwino.