Ana Asukulu Amene Ndinakana Kuwapereka Paphwando

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, koma maina ena sinditchula. Chifukwa chake mukuchidziwa nokha.

Ine ndine mphunzitsi wa zophika ndi zosoka. Chaka chatha msonkhano wapachaka wa bungwe lathu la aphunzitsi unachitikira kuno ku Mulanje, ndipo anandisankha kuti ndikonze phwando lotsekera. Ndinakondwa, abale. Ndinapita ku Chonde kukasankha mbuzi, mpunga ndinakaupeza ku Thuchila, mipando tinabwereka kuesiteti ya tiyi, nsalu za patebulo ndinachapa ndekha. Operekera zakudya ndinasankha atsikana anga a Sitandade 8.

Phwando lili mawa, wapampando wa bungwe anabwera kudzayendera. Miphika sanaiyang'ane n'komwe. Anaimika anawo pamzere n'kumawauza kuti, "Tembenuka. Tayenda tione." Mmene ine ndinasankhira mbuzi pamsika, ndi mmene iye ankasankhira ana a eni. Kenako anandiitanira pambali.

"Mayi, uyu, uyu, ndi wamtaliyo asapite kwawo phwando likatha. Akathandize alendo athu kuresitihausi. Muli akuluakulu mmenemo, mukumva?"

Ndinati, "Akathandize chiyani, bwana? Awatu ndi ana."

Anaseka. "Chaka chilichonse timatero. Musachite ngati mwayamba lero ntchito."

Chaka chilichonse, abale anga. Mphunzitsi, bambo wa ana ake, munthu wonyamula Baibulo Lamulungu. Chaka chilichonse. Ndinazungulira kuseri kwa kalasi n'kukasanza.

M'mawa mwake atsikana onse ndinawabweza kwawo. Ndinathamangira kuno kudzapempha amayi a mpingo uno. Mayi Namakhwa, muli apo, mukukumbukira. Munabwera ndi anzanu, ena a imvi, mipango kumutu, n'kuperekera mpunga uja mwaulemu. Alendo anadya, anamwa, koma maso ali pakhomo. Wina anagwetsera mafupa pansi dala kuti mayi wamkulu awerame kutola. Wina, mafuta a nyama akuyenderera kuchibwano, anandifunsa kuti, "Nanga maluwa aja ali kuti?" Ndinangomuikira madzi osamba m'manja, ine n'kutuluka. Nsalu zanga zija sindinazichapenso, ndinazitentha.

Sabata isanathe, anyamata a chipani anafika kusukulu. Akuti ndanyoza alendo a boma, akuti ndine woukira. Mukudziwa kumene amapita munthu akamupatsa dzina limenelo. Amuna anga anasiya kudya. Ine ndinkagwada kupemphera. Ndinkangoti, "Ambuye, munaona. Ambuye, munaona."

Tsiku la mlandu ku ofesi ya chipani, wapampando uja analankhula motalika, tayi ali pakhosi. Chimene sankadziwa n'chakuti Mayi Namakhwa, amene anamuperekera mpunga, ndi mtsogoleri wa amayi a chipani kudera kwathu kuno. Anali atakhala kumbuyo, atavala nsalu yawo ya chipani. Iye atamaliza, mayiwo anaimirira.

"Bambo, wamtali munkamufuna uja ndi mdzukulu wanga. Tiuzeni pano, anthu akumva, ntchito imene mwanayo akanakagwira kuresitihausi."

Wapampando uja anayamba kupukuta magalasi ake, kupukuta, kupukuta, yankho osaoneka. Wozenga mlandu anandiuza kuti ndizipita.

Musaganize kuti wina anapepesa, ayi. Munthuyo ndi wapampandobe. Ine anandichotsa m'komiti ya bungwe lathu, akuti sindidziwa kulandira alendo. Chaka chino msonkhano uli kuboma lina, ndipo ndikamaganiza za ana a kumeneko, mseru uja umandibwerera. Muwapempherere.

Koma ine ndagona kwanga, sindinaone ndende. Atsikana atatu aja analemba mayeso awo, ndipo wamtali uja wasankhidwa kupita kusekondale. Ndikuthokoza Mulungu amene anatseka pakamwa paja. Amayi, imirirani, nthungululu imveke mpaka kuphiri, mukondwere nane. Amen.