Mayi Wokonza Injini za Chombo

Pa depoti ya Limbe, minibasi yopita m'tauni inkakana kulira. Mayi wina pampando wakutsogolo anasuzumira pafoni ya bambo amene anakhala naye.

"Kodi filimu ya chombo cha m'mlengalengayi ikadalipobe?"

"Zaka makumi atatu tsopano. Akaputeni asinthana anayi, koma mayi wokonza injiniyu ndi yemwe uja."

"Ii, wachita imvi! Ndinkamuonera kuvidiyo ku Mbayani ndili kupulayimale. Chombo chikazima pakati pa nyenyezi, amuna onse maso ankakhala pa iye."

"Sanjenjemera ameneyu."

"Ine ndiye anandilowetsa m'galaja, bambo anga akukana."

"Inuyo? Makaniki?"

"Chaka cha khumi ndi chisanu chino. Tadzukani pampandopo, achimwene, injini ili pansi panupo. Tigone pano?"