Mawu a Alendo a ku Govanhill Atsala M'makatoni

Abusa, a wapampando wa bungwe lathu, Bambo Kachingwe ndi ana anu, anzanga akuntchito, amayi ndi abambo, ndakuonani nonse. A Joan, abwana athu, pepani, lero ndilankhula chakwathu. Fiskani ali pambali panupo azikunong'onezani.

Ine ndine Isaac. Ndagwira ntchito ndi Mayi Vainess Kachingwe, amene lero akupuma pantchito, zaka zoposa makumi awiri m'kaofesi kathu ka ku Govanhill kuno ku Glasgow, komwe timajambula mawu a anthu akamafotokoza mmene mitundu yawo inafikira pachilumba chino.

Mayi, ndiyamba ndi zokuchititsani manyazi. Atangoyamba ntchito, anawatuma ku Springburn kwa mkulu wina amene makolo ake akale anathawa njala ku Ireland. Mkuluyo analankhula masana onse, mpaka misozi. Mayi anabwera ku ofesi akuyenda monyang'wa. Titayatsa makina, zii! Sanadine batani. M'mawa mwake anabwererako ndi masikono, n'kukati, "Bambo, dzulo timangoyeserera." Mkulu uja anayambiranso, n'kuliranso pamalo pomwe paja.

Nanga chingerezi cha ku Glasgow? Sankamva kanthu, ankangoti eya pa chilichonse. Mayi wina wa banja lochokera ku Italy anawapempha zinazake, iwo n'kuvomera. Loweruka mayi uja anatulukira pakhomo kudzawasiyira galu, chikwama m'manja, ali paulendo watchuthi. Bambo Kachingwe, musaweramitse mutu, tikudziwa kuti galuyo anakulandani mpando.

Koma amayi awa ankadziwa kumvetsera. Anakhala pansi ndi Apakistani amene ankayendetsa mabasi a mumzinda uno, Ayuda, Apolishi, a mtundu wa Roma ochokera kum'mawa kwa Ulaya, ndi ife tomwe Amalawi. Aliyense Mayi ankamufunsa kuti, "Kwanu n'kuti?" ndipo munthu ankamasuka ngati wakumana ndi mbale wake. Mayi, zikomo. Munatiphunzitsa kuti pakhomo lililonse la ku Govanhill, ukafunsitsa, upeza wina amene anawoloka nyanja.

Ndikanakonda n'kanathera pomwepa. Koma Mayi anandiuza kuti, "Isaac, usakandipake mafuta. Ukanene zoona."

Zoona zake n'zakuti funso lija masiku ano anthu akuliopa. Chaka chatha kunabwera bambo wina wa ku Sudan, amene anawoloka pa kabwato. Mayi anamuthirira tiyi, n'kuika makina patebulo. Iye anawakankhira kumbali.

"Mayi, nkhani yanga ndinaifotokoza kale kwa a boma ofunsa mafunso anthu othawa kwawo," anatero. "Sanaikhulupirire. Inu mukaijambula, imva ndani?"

Mayi Vainess anamupempha kuti adzabwerenso. Sanabwere. Titapita kumene ankagona, tinapeza m'chipindamo muli munthu wina. Mpaka lero sitidziwa kumene anamupititsa.

Akuluakulu amene tinawajambula, ambiri anatisiya. Adzukulu awo tikawaimbira kuti adzatenge mawu a agogo awo, amati adzabwera akapeza mpata. Ana athu omwe, tikawalankhula Chichewa, amatiyankha m'chingerezi choti nafenso sitimva.

Ndipo mukudziwa nonse kuti pampando wa Mayi sipabwera wina. Ofesi ikutsekedwa mwezi wamawa. Tagogoda m'malo ambiri kufuna wosunga mawu aja, aliyense akuti malo alibe. Lachitatu ndinathandiza Mayi kukweza makatoni a mawuwo pamasitepe a kunyumba kwawo. Tinawasanja m'khonde, pafupi ndi nsapato. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, nanga mukadzabwerera ku Malawi?"

"Ndibwerere kwa yani?" anatero. "Amene ankandidikira anagona onse. Anthu anga ndi awa ali m'makatoniwa."



Mayi, sindikunamizani kuti zinthu zikhala bwino, chifukwa sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu akafika m'dziko lozizirali, wopanda womufunsa dzina, ankapeza inu mutamusungira mpando. Amene afike mawa sadzakupezani.

Kapumeni, Mayi. Mawondo aja akwera masitepe okwanira. Muzidzuka dzuwa litakwera, ngati lingatuluke n'komwe kunoku. Bambo Kachingwe, tawabweza m'manja mwanu, muwasamale.

Tsopano tonse tiimirire. Mphatso yoyenera ntchito yawo tilibe, koma manja tili nawo. Tiwaombere mwamphamvu, mpaka odutsa mumsewu aime n'kufunsa kuti kodi muno muli ndani.